Mkaka wa m'mawere m'maso mwa khanda, apongozi akuti ndi mankhwala

MakeMwana_25
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa masiku asanu wadzuka maso atamatana ndi manthongo, zikope zatupa, lakumanzere ndiye likutuluka mafinya achikasu ndikapukuta pang'ono pokha zabweranso. Apongozi akuti ndingomufinyira mkaka wa m'mawere m'masomo zitha, ati ana awo onse anakula choncho. Ine ndimakana koma mlamu wanga wandionetsa pa foni kuti mkaka wa mayi uli ndi ma enzyme opha mabakiteriya, ati ngakhale misozi ndi malovu zili nawonso. Nde ndasokonekera, ndi zoona zimenezi? Bambo ake ali kuntchito ndipo ya minibasi ndiyovuta, ngati mkakawo ukugwiradi ntchito ndingoyamba.

NamwinoWausiku
Mayi siyani kaye foni, berekani mwana mupite kuchipatala lero lomwe, osati mawa. Khanda la masiku asanu, zikope zotupa, mafinya obwerera mukapukuta, ife tikaona zimenezo timayamba kuganiza za chinzonono cha m'maso chomwe mwana amatengera m'njira pobadwa. Chimenecho chimatha kuboola galasi la diso m'masiku ochepa kwambiri mwana n'kukhala wakhungu moyo wake wonse. Mwina si chimenecho, koma oti anene ndi amene amuone ndi maso. Za ma enzyme tikambirana mukabwerako.

Nachisale_wa_Dowa
Koma anamwino mumakonda kuopseza. Ine ana anga anayi onse ndinawathira mkaka m'maso, onse akuona bwinobwino, wina ali ku sekondale pano. Makolo athu sanali opusa.

NamwinoWausiku
Palibe wanena kuti anali opusa amayi. Makanda ambiri amachita manthongo chifukwa kanjira kotsitsa misozi kupita m'mphuno sikanatseguke bwino, diso limangokhala lonyowa ndi timanthongo toyera koma osatupa, ndipo zimatha zokha mwana asanakwanitse chaka. Kaya mwathira mkaka kaya simunathire zikanatha basi. Nde mkaka umatenga ulemu pa ntchito yomwe sunagwire. Awa akunena zotupa ndi mafinya, ndi nkhani ina.

KabazaWaMtandire
Achemwali ya transport isakhale chifukwa, bwerekani kwa neba. Diso silikhala ndi sipeya.

MakeMwana_25
Ndamva, ndikunyamuka. Apongozi akwiya koma kaya.

Chimbalangondo
Pomwe akupita mayiwa ine ndifunse nawo, mlamuyo wanama kapena? Chifukwa nanenso ndinamvapo kuti misozi imapha majeremusi. Kapena ndi zija za pa WhatsApp.

WakuLabu
Mlamuyo sananame, wangotenga theka la nkhani. Ndifotokoze pang'ono, pepani ikhala yaitali.

Mu misozi, malovu, mamina ndi mkaka wa m'mawere muli enzyme, kutanthauza puloteni yomwe ntchito yake ndi kudula kapena kusintha zinthu zina, yotchedwa lysozyme. Anayipeza ndi Alexander Fleming, yemwe uja wa penicillin, ku St Mary's Hospital ku London chakumapeto kwa 1921, penicillin yo anadzayipeza pambuyo mu 1928. Mkuluyu anali ndi chimfine ndiye anaika mamina ake pa kambale komwe amameretsapo mabakiteriya ku labu. Patapita masiku anaona kuti mozungulira maminawo mabakiteriya ena asungunuka. Anayesa misozi, inagwira kwambiri. Anayesa malovu, makhololo, choyera cha dzira, monsemo inalimo. Zotsatira anasindikiza mu 1922.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Bakiteriya mkati mwake ndi wofufuma ndi madzi, chomwe chimamugwira kuti asaphulike ndi khoma lolimba lokhala kunja lotchedwa peptidoglycan. A Kabaza mumvetsa msanga, chili ngati chubu ndi tayala, chubu chopopa kwambiri mukang'amba tayala chimatuzuka n'kuphulika. Lysozyme imadula mfundo za khomalo, madzi n'kulowa, bakiteriya phuu. Maselo athu alibe khoma lotero n'chifukwa chake ife siitivulaza.

Tsono theka lomwe mlamu sanawerenge ndi ili. Fleming yemweyo anaona kuti imasungunula kwambiri mabakiteriya osaopsa, ouluka ndi fumbi aja, koma ambiri odwalitsa anthu imawalephera. N'chifukwa chake madokotala a nthawi imeneyo sanatekeseke nayo. Mabakiteriya a gulu la Gram negative, monga a chinzonono, kolera ndi taifodi, ali ndi chikuto china pamwamba pa khomalo ndiye lysozyme payokha imavutika kufika. Staphylococcus aureus wa zithupsa uja ndi Gram positive, alibe chikutocho, koma anasintha kamangidwe ka khoma lake moti lysozyme siimudula. Kunena mwachidule, amene amatidwalitsa ndi omwe anapeza kale njira yozembera.

KabazaWaMtandire
Kkkkk nde mwandiphunzitsa sayansi ndi chubu. Koma mzungu ameneyu analinso wauve eti, kuminira m'mbale ya ntchito.

MadamBiology
Uvewo ndi umene unamupatsa Nobel mu 1945 achimwene, ngakhale inali ya penicillin ndipo anagawana ndi Florey ndi Chain. Chomwe chimandiseketsa ine ndi momwe amapezera misozi yoyesera, amafinyira mandimu m'maso mwake ndi mwa anzake a mu labu kuti alire. Ana a Fomu 3 ndikawauza zimenezi ndi pomwe amadzuka.

Nachisale_wa_Dowa
Nde mwavomereza nokha kuti mu mkaka muli mankhwala. Mukutsutsa chani nanga?

WakuLabu
Amayi taganizani izi. Diso la mwanayo lili kale ndi misozi, ndipo misozi ili ndi lysozyme wambiri kuposa mkaka. Ngati tizilomboto tagonjetsa wa m'misozi mpaka kutulutsa mafinya, wa mu mkaka akachitako chani? Kuwonjezera apo mkaka uli ndi shuga ndi mafuta, komanso umadutsa pa khungu la bere ndi zala za wofinyayo, simungati ndi woyera ngati mankhwala a m'botolo. Choopsa chenicheni ndi masiku omwe mumataya mukudikira kuti mkaka ugwire.

Gogo_wa_Data
Ine ndakula ndaona. Kumudzi kwathu kunali ana angapo a diso loyera ngati ng'ala, ena chikuku chinawagwira ndiye amawathira zitsamba, ena mkaka, ena mpaka mkodzo. Nthawi imeneyo chipatala chinali mtunda wa tsiku lathunthu wapansi nde anthu amachita zomwe akanatha. Lero chipatala chilipo, tisamangoti makolo makolo.

AchimweneKuJoni
Mkodzo umenewo musauchepetse agogo, nthawi ya pink eye ija ya 2024 yomwe inayambira ku Karonga anthu amatumizirana pa magulupu kuti mkodzo wam'mawa ndiye dilu. Mnzanga wina anachira nawo.

NamwinoWausiku
Anachira chifukwa pink eye ya mliri ija imayamba ndi vairasi ndipo imatha yokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Mkodzo ayi chonde. Munthu akakhala ndi chinzonono, ndipo ambiri makamaka azimayi sadziwa kuti ali nacho, akathira mkodzo m'maso ndiye wadzisamutsira matendawo ku diso. Pink eye yotha yokha n'kusanduka khungu.

MadamBiology
Ndiwonjezere, vairasi alibe khoma lija a WakuLabu anena, nde lysozyme alibe podula. N'chifukwa chake chimfine chimatigwira ngakhale mamina adzadze ndi lysozyme. Fleming mwiniwakeyo si anali ndi chimfine?

Chimbalangondo
Aaa nde ma enzyme amenewa ndi achabechabe basi. Vairasi ayi, chinzonono ayi, kolera ayi, zithupsa ayi. Ntchito yake ndi chani?

WakuLabu
Ayi bwana musathamange. Werengani masiku omwe diso lanu silinadwale. Mumayenda mu fumbi la Okutobala, mumatikita m'maso ndi manja omwe mwagwira ndalama, ntchentche zimatera, koma diso lomwe ndi lonyowa, lofunda komanso lopanda khungu lolitchinga limakhala zaka osatukusira. Imeneyo ndi ntchito yawo, kungoti siioneka chifukwa ikagwirika palibe chomwe chimachitika.

Komanso lysozyme sagwira yekha. M'misozi muli enzyme ina, phospholipase A2, imeneyi imadya kachikopa kamkati ka bakiteriya ndipo Staphylococcus uja wozemba lysozyme imamupha. Muli lactoferrin, iyi kwenikweni si enzyme koma puloteni yomwe imagwira ayironi n'kuumira naye, mabakiteriya amafuna ayironi kuti aswane nde amafa ndi njala, komanso imatha kusokoneza chikuto cha ma Gram negative chija kuti lysozyme alowe. Muli ma antibody otchedwa IgA omwe amamata tizilombo kuti tisakakamire. Ndiye kuphethira kumakokolola zonse kupita nazo m'mphuno. Zikaphatikizana ndi mphamvu ndithu, koma mphamvu yake ndi yothana ndi tizilombo tochepa tomwe tangofika kumene. Tikachuluka n'kukhazikika, pafunika mankhwala.

Umboni wake onani anthu omwe maso awo amauma. Mwana wosowa vitamin A, makamaka akadwalanso chikuku, diso limauma, misozi siyendanso bwino pagalasi paja, zilonda zimayamba. Ana a diso loyera omwe agogo akunena aja ambiri njira yake inali imeneyo. Kapisozi wa vitamin A wa ku sikelo uja musamamuone ngati masewera.

Gogo_wa_Data
Nanga matenda aja a zikope zopindikira mkati, nsidze kumakanda diso? Amayi anga aang'ono amazula ndi kachitsulo.

NamwinoWausiku
Imeneyo ndi trachoma agogo. Kachilombo kake, Chlamydia trachomatis, kamabisala mkati mwa maselo a chikope momwe misozi siingakapeze. Inatha ndi kusamba kumaso, zimbudzi, maopaleshoni a zikope ndi azithromycin amene amagawa m'midzi uja. WHO inalengeza mu 2022 kuti Malawi yathana nayo ngati vuto la dziko.

Dalaivala_M1
Ine funso langa ndi la malovu. Ukadzicheka chala umangopezeka wachiika mkamwa osaganiza n'komwe, galu nayenso amanyambita bala lake n'kupola. Nde pamenepo a labu mutsutsanso?

WakuLabu
Malovu ali ndi zida zambiri, lysozyme, lactoferrin, peroxidase, ndi timapuloteni totchedwa histatin tomwe timalimbana ndi mafangasi komanso timathandiza bala kutsekeka. N'zoona kuti bala la mkamwa limapola msanga kuposa la pamwendo. Koma mkamwa momwemo mumakhala mitundu ya mabakiteriya mazanamazana yomwe inazolowerana ndi malovuwo. Mkamwa ndi kwawo savuta, koma alowe pansi pa khungu muone. Funsani anamwino za bala lolumidwa ndi munthu.

NamwinoWausiku
Heee musandikumbutse. Kumapeto kwa mwezi timalandira anyamata omwe anamenya mnzawo chibakera pa mano ku bawa, kabala kakang'ono pa mfundo ya chala, amakhala nako kunyumba masiku atatu kubwera dzanja lili ngati mpira likununkha. Ena amathera ku fiyeta. Bala tsukani ndi madzi oyera ndi sopo basi.

Dalaivala_M1
Nanga galu?

MadamBiology
Galu alibe sopo ndi mpopi, lilime ndi lomwe ali nalo, limachotsa dothi. Koma mukaona ma vet amaveka agalu chikolala chapulasitiki akawachita opaleshoni ndi chifukwa choti kunyambita kwambiri kumatukusa bala. Ndipo chonde zomanyambititsa galu chilonda cha mwana zija zilekeke, chiwewe chimayenda m'malovu. Galu akaluma kapena kunyambita pabala, tsukani ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 kenako thamangani kukabaya, zizindikiro zikayamba palibenso chochita.

AchimweneKuJoni
Nde kisi ndi mankhwala kapena poizoni? Ndikufunsira mnzanga kkkk

Chimbalangondo
Mnzako yemwe uja wa mkodzo?

AchimweneKuJoni
Iwe usandiyambe

NamwinoWausiku
Kkkk. Poti mwafunsa, HIV siyenda m'malovu, kudyera mbale imodzi kapena kumwera kapu imodzi palibe vuto. Koma chimfine ndi zilonda za pamilomo zija zimayenda bwinobwino, ndipo munthu wa zilonda za pamilomo asapsompsone khanda. Chinanso, zotafunira mwana chakudya, ngati mayi ali ndi kachilombo ndipo nkhama zikutuluka magazi, pamenepo chiopsezo chilipo chifukwa cha magaziwo.

MakeMwana_25
Ndabwera kudzakuuzani. Atangomuona sanatichedwetse, amutsuka m'maso, amubaya jakisoni ndipo atigoneka kuti azimutsuka pafupipafupi. Ati galasi la diso silinakhudzidwe. Koma andipatsanso ine mankhwala ndipo ati bambo ake abwere nawonso alandire. Ndawaimbira akuti iwo sakudwala chilichonse. Mutu wanga sukugwira.

Gogo_wa_Data
Mulungu ndi wabwino mwana wanga. Yamwitsa mwanayo, zinazo muzikamba mukatuluka.

KabazaWaMtandire
Bambo ake abwere basi, akapanda kutero mayi amwa mankhwala n'kutenganso. Amuna anzanga timaonjeza, jakisoni mmodzi timathawa ngati ngongole.

NamwinoWausiku
Mwachita bwino kwambiri mayi. Osayamba kuloza zala pano, matendawa amatha kukhala m'thupi nthawi yaitali opanda chizindikiro kwa mwamuna kapena mkazi. Chofunika nonse mulandire mankhwala nthawi imodzi. Kapepala koitanira bambo ake akakupatsani kawapatseni, akavuta uzani anamwino a pa wodipo awaimbire okha, amuna ambiri akamva mawu a yunifolomu amabwera. Kwa ena oyembekezera muli pano, mafuta a tetracycline omwe timapaka m'maso mwana akangobadwa ntchito yake ndi yomweyi, mukachira funsani ngati amupaka.

Nachisale_wa_Dowa
Chabwino za diso ndamva, ngakhale anga anachira. Koma musanyoze mkaka wa m'mawere ngati ndi madzi.

MadamBiology
Ayi amayi pamenepo tili limodzi, mkaka wa m'mawere ndi nkhani ina, kungoti malo ake ndi mkamwa mwa mwana. M'matumbo mwa khanda ndi momwe lysozyme, lactoferrin ndi IgA zimagwira ntchito yaikulu, chifukwa mwana amabadwa chitetezo chake chisanakhwime, asidi wa m'mimba ndi wochepa. IgA yo mayi amapanga molingana ndi tizilombo ta pakhomo pomwe akukhala, ndiye mwana amalandira chitetezo cha malo ake enieni. Mkaka woyamba wachikasu uja womwe ena amafinyira pansi ati ndi woipa, ndi umene wadzaza ndi zimenezi. Mkaka wa munthu uli ndi lysozyme wochuluka kutalitali kuposa wa ng'ombe, ndipo wa m'chitini ulibe ma antibody a mayi. N'chifukwa chake amati miyezi 6 bere lokha, opanda madzi, opanda phala, opanda dawale. Mukamwetsa madzi a pachitsime mwana wa mwezi umodzi mwamulowetsera tizilombo komanso mwachepetsa malo a mkaka m'mimba.

MlimiWaMkaka_Thyolo
Mwanena kuti wa ng'ombe ulibe mphamvu, koma ife timaona mkaka ukangokamidwa umakhala kaye ndithu osasasa ngakhale kunja kukutentha. Alangizi anatiuza kuti muli chinachake chachilengedwe chomwe chimauteteza. Si ma enzyme omwewo?

WakuLabu
Ndi omwewo koma mtundu wina. Wa ng'ombe uli ndi lysozyme wochepa koma lactoperoxidase wambiri. Enzyme imeneyi imatenga thiocyanate ndi hydrogen peroxide zomwe zimapezeka pang'ono mu mkakamo n'kupanga mankhwala ofooketsa mabakiteriya. M'malovu athu mulinso yofanana nayo. Vuto ndi loti zipangizo ziwirizo zimatha msanga, pakadutsa maola ngati awiri mphamvu yatha, n'chifukwa chake amakuuzani kuti muthamangire nawo ku bulking group ukalowe mu thanki yozizira. A Codex, bungwe la padziko lonse loika miyezo ya zakudya, anavomereza mu 1991 njira yowonjezera zipangizozo pa mlingo woyezedwa kumadera kopanda magetsi, mkaka umatha kupirira maola 7 kapena 8 pa kutentha kwa madigiri 30. Koma zimenezo amachita anthu ophunzitsidwa pamalo osonkhanitsira, osati aliyense kukhola kwake.

MlimiWaMkaka_Thyolo
Magetsi akazima thanki imangokhala chokongoletsa, mkaka wonse kubwezedwa. Nde amene amathira soda aja?

WakuLabu
Soda sapha kanthu, amangobisa kusasa kuti mkaka udutse poyeza, mabakiteriya ali momwemo akuswana. Ndipo ngakhale lactoperoxidase yo siichotsa TB ya ng'ombe kapena brucellosis. Wiritsani mkaka musanamwe, chambiko chomwe pangani ndi wowiritsa.

Dalaivala_M1
Tabwererani ku thupi. Mamina akasanduka obiriwira ine ndimadziwa kuti yafika nthawi ya amoxicillin, ndimagula pa grocery makapisozi anayi zimatheka.

NamwinoWausiku
Mxii a Dalaivala inu ndi amene mukutiphera mankhwala.

WakuLabu
Kubiriwirako mukudziwa ndi chani? Ndi enzyme inanso. Maselo oyera a magazi otchedwa neutrophil ali ndi myeloperoxidase, ndipo mtundu wake ndi wobiriwira. Akathamangira pamalo pomwe pavuta n'kufera pomwepo mwaunyinji, mamina kapena mafinya amatenga mtunduwo. Enzyme imeneyi imatenga chloride wochokera mu mchere wa m'thupi ndi hydrogen peroxide n'kupanga hypochlorous acid, yemweyo amene amapha tizilombo mukathira WaterGuard kapena klorini mu ndowa. Eya, thupi limapanga klorini wakewake mkati mwa selo momwe latsekera bakiteriya.

Tsono ma neutrophil amabwera ngakhale chimfine chili cha vairasi. Mamina obiriwira paokha sakutanthauza kuti pakufunika antibiotic. Makapisozi anayi anuwo chimfine sachikhudza, chimatha chokha, koma mabakiteriya a m'matumbo mwanu mwawaphunzitsa kupirira amoxicillin. Ku labu timaziona, timaika timapepala ta mankhwala pa mbale, bakiteriya n'kumera mpaka kukhudza kapepalako osaopa. Chinzonono chomwe tayamba nachochi kale chimamva penicillin, pano ndi jakisoni wa ceftriaxone.

Dalaivala_M1
Pa mseu nthawi yokhala pa mzere kuchipatala ilibe bwana. Koma ndamva.

Chimbalangondo
Funso lomaliza ine. Ngati m'malovu muli zonsezi mano amabooka bwanji? Ndipo bwanji m'mawa mkamwa mumanunkha ngati munagona mbewa?

MadamBiology
Munthu amatulutsa malovu pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka patsiku, koma ukagona amatsika kwambiri pafupifupi kuima. Usiku wonse mabakiteriya amadya zotsalira popanda chowakokolola, fungolo ndi mpweya womwe amatulutsa. Za mano, bakiteriya wotchedwa Streptococcus mutans ndi anzake amatenga shuga n'kupanga zomata zomwe amamangira nazo pa dzino, pansi pa zomatazo malovu safika bwino, nde amatulutsa asidi n'kumakumba. Malovu amayesetsa kuziziritsa asidiyo koma ngati ndi tiyi wa masupuni anayi m'mawa, Sobo masana, switi madzulo, sapeza mpata. Kutsuka mano pogona n'kofunika kuposa kwam'mawa. Anthu omwe mankhwala ena amawaumitsa mkamwa mano awo amaonongeka msanga, pamenepo ndi pomwe umadziwa kuti malovu amagwira ntchito.

Gogo_wa_Data
Ife timatsukira mswachi wa muula ndi phulusa, mano ndili nawo mpaka lero.

KabazaWaMtandire
Shuga munkamuona pa Khrisimasi pokha agogo kkkk

AchimweneKuJoni
Koma m'mimba si ndiye muli asidi woopsa? Nde kolera ija inatipha bwanji chonchija?

WakuLabu
Asidi wa m'mimba ndi wamphamvudi, pH yake (muyeso wa asidi, nambala ikachepa ndiye asidi ndi waukali) imakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5, ndipo muli enzyme ya pepsin yogaya mapuloteni. Tizilombo tambiri tomwe timameza timathera pamenepo. Vibrio wa kolera amaopa asidi, kuti udwale umayenera kumeza ochuluka kwambiri. Koma madzi oipa amakhala nawo ochulukadi, komanso chakudya chimatchinga asidiyo ena n'kudutsa. Anthu omwe asidi wawo ndi wochepa, monga omwe amamwa omeprazole kapena ma antacid tsiku ndi tsiku, amagwidwa ndi tizilombo tochepa. Mliri unayamba mu 2022 uja unapha anthu oposa 1,700, asidi analipo m'mimba mwa onsewo.

Palinso katswiri wina, Helicobacter pylori wa zilonda za m'mimba, iyeyo ali ndi enzyme yakeyake ya urease, amapanga ammonia momuzungulira n'kukhala mu asidimo bwinobwino. Madokotala amakana kuti m'mimba mungakhale bakiteriya mpaka Barry Marshall wa ku Australia anachita kumwa mabakiteriyawo mu 1984 n'kudwala. Iye ndi Robin Warren analandira Nobel mu 2005.

Dalaivala_M1
Wina kuminira m'mbale wina kumwa majeremusi, Nobel ameneyu amapatsa amisala eti

JimuBoy_Ndirande
Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Mwati choyera cha dzira chili ndi lysozyme, nde ife omwe timamwa mazira aawisi ku jimu tili bho? Akutiteteza?

WakuLabu
Choyera cha dzira chili nayedi wambiri, pafupifupi 3.5 peresenti ya mapuloteni ake, ntchito yake ndi kuteteza kamwanapiye. Makampani amamuchotsa m'mazira momwemo n'kumathira mu tchizi, mukaona E1105 pa pepala ndi ameneyo. Ndiponso lysozyme wa dzira la nkhuku ndi enzyme yoyamba yomwe asayansi anaona kaumbidwe kake konse, David Phillips ndi anzake ku London mu 1965. Koma ukameza amakagayidwa ngati puloteni ina iliyonse. Ndipo Salmonella, bakiteriya wotsegula m'mimba, ndi Gram negative, amapulumuka m'dziramo, nde aphikeni aise. Thupi limatenganso puloteni wambiri mu dzira lophika kuposa laliwisi.

JimuBoy_Ndirande
Aaa makala ake ndi amenewa? Thumba lafika pa mtengo wina

KabazaWaMtandire
Wiritsira mu ketulo ya kuntchito ngati anzako

MlimiWaMkaka_Thyolo
A WakuLabu mundiyankhe ku inbox za lactoperoxidase zija, ndikufuna ndikafunse pa msonkhano wa gulu Lachisanu.